Tepi Yoduka ya a Aloysius

A Aloysius a ku Kaomba ndi mlimi wa fodya, koma chimene ankadziwika nacho ndi kanema mmodzi wakale amene ankaonetsa m'chigafa mwawo Lamlungu anthu akaweruka kutchalitchi. Ndi nkhani ya mayi wogulitsa matikiti pa siteshoni ya sitima, amene apolisi akumupanikiza ndi mafunso za munthu wophedwa kuseri kwa ofesi yake. Tepiyo inaduka kumapeto kalekale. Ikafika pamenepo, a Aloysius ankaimirira n'kumaliza okha: mayiyo akuloza wakupha, apolisi akumumanga, mayiyo akupita kwawo mfulu. Ankasewera onse atatu, milomo ikunjenjemera, m'chigafa muli zii.

Pochokera ku Joni ndinabwera naye kanemayo wathunthu pa laputopu, ndikuganiza kuti ndi mphatso. Tsiku lomwe anthu anadikira makuponi a feteleza mpaka masana osawaona, anadzazana m'chigafa muja, ine n'kuyatsa.

Wakupha anali mayi yemweyo.

"Iii, alamu, zaka zonsezi mumatinamiza!" anakuwa a Fainala, alamu awo. "Fodya mumasankha bwino, koma chigawenga mwachiika giredi yoyamba!"

Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Anthu omwewo amene kwa zaka khumi ndi zisanu ankakhala pa mabelo a fodya kukamwa kuli yasa! Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaona mmene mayiyo anasewerera. Chimene anaona n'chakuti mkulu wagwa, basi.

A Aloysius anatembenukira kwa ine. "Mphwanga, tabweza pamene akupereka tikiti kwa wapolisi."

Ndinabweza.

"Taona dzanja lamanzerelo. Ine ndinkati akulibisa chifukwa cha mantha. Kani ndi lomwe anaphera! Ndipo maso osaphethira. Mayi ameneyu ntchito amaidziwa, wandipusitsa ine ndikumuyang'ana sabata ndi sabata." Ankalankhula monyadira, ngati akuyamikira mwana wawo.

Lamlungu lotsatira anasesa m'chigafa, kulumikiza batire, kudikira. Kunabwera anthu awiri. Tepi itaduka, a Aloysius anakhalabe pampando, awiriwo n'kutuluka. Kuyambira pomwepo sanaimirirenso, ndipo panjira anthu akuwatchula kuti Agiredi.

Dzana a Fainala anabwera kwathu, ati anthu akufuna ndikawaonetse za nkhonya pa kamakina kanga kaja. Ndinawauza kuti kanafa.

Sikanafe. Kali pansi pa bedi, ndipo m'chigafa sikadzalowanso.