Basi Imene Sinadikire

Anzanga a kuchipatala kuno ku South Bend akundifunsabe za nyanja ya ku Croatia. Koma pa sabata yonse imene tinazungulira mizinda ya kumeneko, amene sindikumuiwala ndi mayi wotiperekeza uja. Tisananyamuke ku Split anatiwerenga, n'kupeza kuti a Phiri a ku Indianapolis palibe. "Basi sinyamuka mpaka abwere," anatero.

Pomwepo ndinamva fungo la dizilo ndi nthochi zakupsa. Ndinakumbukira tsiku lina ndili kamtsikana pamiyendo pa amayi, tikupita ku Dedza pa basi. Anyamata a chipani anaimitsa basi, n'kutsitsa bambo wina amene analibe khadi la chipanicho. Anamumenya ndi zibonga mpaka mano anagwera m'fumbi, magazi n'kudonthera pawindo langa. Kondakitala anamenyetsa chitseko, basi n'kunyamuka.

"Amayi, aiwala chipewa chawo!" ndinakuwa.

Amayi ananditsina pantchafu. "Khala chete. Afika kwawo."

Ndinakhulupirira, mpaka kuwasirira kuti afika msanga.

A Phiri anatulukira akunyambita ayisikilimu, anthu n'kuseka. Ine sindinaseke. Ndinali kuwerenga akuluakulu amene anangoyang'ana pansi m'basi ya ku Dedza ija, kuyambira amayi anga.