Mapazi a Apongozi pa Njerwa

Kuumba njerwa ndinaphunzira ku Bembeke, zaka zimene Abambo a mishoni anali atangofika kumene. Umaponda dothi mpaka lifewe, chikombole umachiviika m'madzi kuti dothi lisakakamire, umaponyamo dothilo mwamphamvu kuti lifike m'makona monse, n'kusalaza pamwamba ndi kathabwa, kenako n'kukakhutula pabwalo losesa. Njerwa yaiwisi imasunga chilichonse chimene chaikhudza, kaya ndi chala, kaya ndi phazi la nkhuku. Ukaiviika imabwerera kumatope, koma ikalowa mu uvuni sisinthanso.

Nditakwatira ndinakakhala chikamwini kwawo kwa malemu mkazi wanga, cha ku Kaphuka, ndipo ndinaganiza zomanga nyumba ya njerwa, yoyamba m'mudzimo. Ena ankabwera kudzafunsa ngati ndikuumba mikate.

Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankaonana maso ndi maso. Mukakumana, aliyense amapatuka. Ine ndi apongozi anga mwambowu tinkausunga bwino, mwina mopitirira. M'mawa wina wa nkhungu ndikutuluka m'dzenje la dothi nditanyamula chikombole, ndinangoona iwo ali pamaso panga, mtsuko uli pamutu. Ine ndinalumphira m'dzenje momwe ndinachokera. Iwo anathawira mbali inayo, kumene ndinali nditangoyala njerwa, n'kudutsa pamwamba pake. Madzi sanatayike ngakhale dontho, koma njerwa zitatu zinatsala ndi phazi lawo, zala zonse zikuoneka.

Madzulo mkazi wanga anabwera osaseka.

"Inu, mwawatapa mapazi amayi?"

"Ndawatapa bwanji? Aponda okha."

"Kumtondo akuti kabokosi kanuko n'kotapira mapazi a anthu, ndipo mukawotcha njerwazo amayi sadzayendanso. Amalume akuti zikakhala zoona mukulunge mphasa yanu mubwerere kwanu."

Sindinawadandaule anthuwo. Ngakhale ndinali m'kalasi ya ubatizo, nanenso ndinakula ndikudziwa kuti dothi la paphazi la munthu silitapidwa. Koma ukwati wanga unali pa njerwa zitatu.

"Ndiziviika zibwerere kumatope," ndinatero.

"Ndiye mapazi a amayi muwapondeponde ndi anuwo?"

"Ndiziswe."

"Muwathyole miyendo?"

"Ndikazitaye kuthengo."

"Zikatoledwe ndi mfiti zenizeni. Nzeru za kumishonizo zathera pamenepa?"

Ndinavomera kuti zathera pamenepo, ndipo ndinapemphera. Kutacha mkazi wanga anaika njerwazo m'lichero n'kupita nazo kwa amayi ake. Ine ndinakhala kuseri kwa nkhokwe, pamene ndinkatha kumva popanda kuoneka.

Ndinamva apongozi akutembenuza njerwazo m'lichero. Kenako anati, "Phazili ndi langadi, chala chopindikachi ndachizindikira. Sindinkadziwa kuti n'lalikulu chonchi." Anakweza mawu kuti afike kunkhokwe. "Uwauze bambo akunyumbako aziwotche bwinobwino, azibweze kwa mwini wake. Mafuwa anga akugwedera."

"Simukuopa moto, amayi?" anafunsa mkazi wanga.

"Mapazi amenewa azizidwa chibadwire kuphiri kuno. Awotheko."

Ndinaziwotcha pamodzi ndi zinzake. Masiku onse amene uvuni unkayaka ndinkasuzumira patali kuona ngati apongozi akuyenda, ndipo mwina iwonso ankadziyesa, chifukwa ankapita kuchitsime kawirikawiri kuposa kale. Njerwa zitazizira mkazi wanga anakapereka zitatu zija, zinakhala mafuwa, ndipo za mphasa yanga palibe anazitchulanso. Apongoziwo anakalamba akuyenda wapansi mpaka ku Chimbiya, akudandaula msana wokha.

Nyumba ija tinaimanga, ndipo ndikukhalamo mpaka lero. M'khoma muli phazi la nkhuku, la mbuzi, ndi chala changa pamene ndinayesa ngati njerwa yauma. La mkazi wanga mulibe. Iye ankazungulira bwalo lonse ndi mtolo wa nkhuni pamutu, akunena kuti m'banja mwawo ndatapamo mmodzi, akwana.