Mizu ya Bango Pansi pa Chinangwa cha Amayi

Pakhonde la nyumba yanga pali mwala wophwatalala, wosalala ngati chikhatho, umene mbali yake imodzi ikadali ndi timadontho ta njereza. Adzukulu anga amapondapo potsuka mapazi, ndipo sindiwaletsa, pakuti mwala sunalengedwe kuti uzilambiridwa. Koma ndimafuna adziwe kuti unali wa amayi anga. Ndi umene ankapsinjira chinangwa m'dziwe lawo, m'mbali mwa kamtsinje kotsikira kunyanja kuseri kwa msika wa Nkhata Bay. Njerezayo inaupeza m'nyengo ina ya mvula, ine ndili mtsikana wa Sitandade 6.

Ndikulemba izi chifukwa mbiri ya gombe la kamtsinjeko yapotozedwa mokwanira. Pamaliro ena chaka chatha ndinamva bambo wina, amene nthawi imeneyo anali asanamere ndi mano omwe, akuuza anthu kuti bango la pamenepo linadzalidwa ndi boma. Mnzake anamutsutsa nati linamera lokha. Onse awiri analakwa, ndipo ndinawauza pomwepo, ngakhale ndikudziwa kuti pamaliro si pokonzera mbiri. Ine ndinalipo. Mizu ya bangolo ndinaisenza pamutu panga.

Masiku amenewo abambo anga anali ku Joni chaka chachisanu, ndipo makalata awo anali atasiya kubwera. Anthu anali atayamba kuwatchula mtchona, motsitsa mawu amayi akamadutsa. Chimene chinkatisunga chinali dziwe lija. Mayi aliyense wa m'dera lathu anali ndi lake, lokumbidwa m'mphepete mwa madzi ndi lotchingidwa ndi bango, limene ife Atonga timati matete. Amayi ankasenda chinangwa, kuchiviika masiku anayi kapena asanu, kuchifinya, kuchiyanika, ndipo ufa wake wa kondowole ankaugulitsa pamsika. Fungo la dziwelo, lowawasa ndi lokakamira m'zovala, alendo ankalitsekera mphuno. Kwa ife linali fungo la chakudya cha mawa.

Sindinganame kuti kamtsinjeko kanali kaukhondo. Matumbo a nsomba, zitini ndi makoko a nthochi zochokera pamsika zinkathera momwemo, ndipo apaulendo odikira sitima padoko anasandutsa bango lija chimbudzi. Mvula ikagwa ana ankatsegula m'mimba nyumba ndi nyumba. Choncho pamene kunalengezedwa kuti ntchito ya sabata la achinyamata chaka chimenecho ikhala yokonza mtsinje, anthu anavomera ndi mtima wonse. Apanso ndimawakonza amene amati zonse za nthawi ya chipani chimodzi tinkazichita mokakamizidwa. Zina tinkazifuna ndithu. Chimene sitinkaloledwa chinali kunena mmene tinkazifunira.

Mapulani anali a amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anali mlembi wa nthambi ya chipani. Anagwirapo ntchito m'hotela ku Salisbury, ndipo kumeneko anaona ngalande yowongoka, yomangidwa ndi simenti, imene sinachokenso m'maso mwawo. Anaimirira pamsonkhano atavala tayi, nsapato zikung'anima, nalamula kuti bango lonse lizulidwe ndi mizu yomwe ndi kutenthedwa, mtsinje uwongoledwe ndi chingwe, ndipo mbali zonse ziwiri kumangidwe khoma la miyala lopakidwa njereza, kuti mlendo wamkulu wochokera ku Mzuzu adzaone tauni, osati mudzi. Simenti kunalibe, iwo anati dothi likwanira. Maiwe okha anawasiya kuseri kwa khoma, pakuti ngakhale wapampando wa chipani sagona osadya kondowole. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali.

Tsiku lomwelo amalume anabwera kudzadya kwathu. Amayi anawathirira madzi osamba m'manja atagwada, nalankhula akuyang'ana pansi. Ndikumasulira kuchokera m'Chitonga.

"Achimwene, matete aja ndiwo amagwira dothi. Mvula ya Epulo mwaiiwala kodi?"

"Iwe waona mtsinje umodzi moyo wako wonse. Ine ndinaona ya azungu," anayankha amalume akupukuta zala chimodzichimodzi. "Ndipo mawu amenewo athere pano. Ukawanena pamsika, sindidzakhala mlongo wako. Ndidzakhala mlembi."

"Yewu, ada," anathokoza amayi m'Chitonga, nanyamula beseni.

Achinyamata a lero sangamvetse kulemera kwa mawu amenewo. Munthu akatchulidwa wosokoneza chitukuko, chochepa chimene chikanamugwera chinali kuchotsedwa pamalo pake pamsika. Chachikulu chinali galimoto yofika pakhomo, ndipo abale ankaphunzira kusafunsa kumene wapita.

Komabe sabata limenelo ndimalikumbukira monyadira, ndipo palibe amene angandilande zimenezo. Asodzi anasiya makoka nabweretsa miyala m'mabwato kuchokera ku Chikale. Ife ana asukulu tinandanda kuyambira pagombe, kupatsirana miyala dzanja ndi dzanja mpaka zikhatho zinatuluka matuza. Amuna anavuula zinyalala zimene zinakhala pansi pa madzi zaka zambiri, ndipo matope ake akuda ananunkha mpaka kudoko. Ife a Chipulesibateriya tinatenga tsidya lino, Akatolika tsidya linalo, ndipo ntchito inayenda ndi chipongwe. "Khoma lanulo lagwada kale, likudikira wansembe!" ankafuula a kwathu. "Lanulo likutalika osatha ngati ulaliki wanu!" ankabweza enawo. Pofika Lachitatu mchenga wa pansi pa mtsinje unaoneka, woyera, ndipo agogo ena analira misozi pouona. Tsiku lomwelo amalume anatenga mwala wa amayi padziwe, nati ndi wokhawo woyenera kukhala pamwamba pa khoma, pamene mlendo adzaime.

Kuzula bango kunapatsidwa kwa amayi a m'dera, pakuti ndi ntchito ya khasu. Mapesi ankawaunjika poyera, ndipo utsi wake unakondweretsa amalume. Koma mizu yonenepa, yokhala ndi mfundo, amayi anga ankaidula kutalika kwa mkono, kuiyala pansi pa dengu, ndi kuikwirira ndi chinangwa chosenda.

"Senza, upite kudziwe. A malaya ofiira akakufunsa, ndi chinangwa," anandiuza motero.

A malaya ofiira anali anyamata a chipani oyang'anira ntchito, ndipo mmodzi anandiimitsadi. Anapisa dzanja m'dengu natola chidutswa chimodzi.

"Nchozizira kapena nchowawa, iwe?"

"Nchowawa, ada. Nchoviika."

Anachiponya m'dengu momwemo ngati chamuotcha. Mwana aliyense wa kunyanja amadziwa kuti chinangwa chowawa chosaviika chimapha, ndipo palibe amene amachifufuza kawiri. Ndinayenda maulendo ambiri tsiku limenelo. Mizuyo amayi anaimanga mitolo, naimiza kumutu kwa dziwe kumene madzi abwino amalowera, naiphimba ndi masamba a nthochi. Pambuyo pake ndinaona kuti ana a amayi ena ankasenzanso madengu olemera modabwitsa. Msonkhano wa zimenezi sunachitike. Sindikhulupirira kuti panatuluka ngakhale liwu limodzi pakati pawo.

Mlendo anafika Loweruka. Khoma linali mbee, lowongoka, lokongola kwenikweni. Zimenezo ndiwapatsa amalume. Mlendoyo anaima pamwala wa amayi, nayamikira kwa mphindi zochepa, nakwera galimoto. Amayi analuluta kuposa wina aliyense.

Titabwerera kusukulu, aphunzitsi athu a Chichewa anatipatsa chimangirizo: zimene banja lathu linachita pa ntchito ya chitukuko. Anali munthu wamtali, wouma mawu, Mtonga mnzathu amene sankalola Chitonga m'kalasi. Ine ndinali woyamba pa phunziro lawo, ndipo sindikunena izi modzikweza. Aliyense wa m'kalasi lija amene ali moyo angavomereze. Amayi anali atandiletsa kuuza a malaya ofiira, koma za aphunzitsi sananene. Choncho ndinalemba zonse: dengu, chinangwa chowawa, mitolo ya pansi pa masamba, ndi nzeru ya amayi yoti khoma la dothi silingapirire mvula ya Epulo. Ndinasankha mawu mosamala, ndipo sindinafufute pena paliponse.

Tsiku lotsatira anandiuza kuti nditsale anzanga akamatuluka. Kope langa linali lotsegula patebulo.

"Alipo wina wawerenga izi?"

"Ayi, aphunzitsi."

Anang'amba tsambalo pang'onopang'ono, motsatira ulusi, nalipinda kanayi, naliika m'thumba la malaya.

"Chichewa chako nchoipa. Ulembenso. Ulembe za miyala yokha."

Ndinalira njira yonse, ndipo amayi sindinawauze chifukwa cha manyazi.

Mvula inabwera patapita masabata atatu, ija ya kwathu yogwa masiku awiri osapuma pamene kwina anthu ayamba kukolola. M'mawa wa tsiku lachitatu tinatsikira kumtsinje. Madzi anali ofiira, ndipo khoma linali litagwa malo ambiri, miyala yoyera ili mbwee m'matope. Mtsinje wowongoledwa uja unathamanga opanda choukhotetsa, nudya gombe. Maiwe awiri a kumunsi anali atapita ndi chinangwa chomwe. La amayi linatsala phazi limodzi kuchokera pamene dothi linagumukira, ndipo ming'alu inali itayamba kale. Mvula ina imodzi ikanalitenga. Amayi anatukula tsamba la nthochi: mizu ija inali itaphuka timphukira toyera, tosongoka ngati mano a mwana. Mankhwala anali m'manja mwawo, koma kuwatulutsa kunali kuvomera pamaso pa onse kuti sanamvere lamulo, ndiponso kunena kuti mlembi analakwa. Anabwezera tsambalo.

Masana kunaitanidwa msonkhano pamsika. Wapampando anali wokwiya, ndipo anayamba kunena kuti khoma silimagwa lokha, kuti alipo amene analimanga ndi mtima wokhota. Anthu anayang'ana pansi. Amalume anakhala pampando, tayi ili pakhosi, nkhope itatuwa. Pamenepo aphunzitsi a Chichewa aja anaimirira, navula chipewa.

"Wapampando, ine ndikuona kuti tangofika pa gawo lachiwiri la mapulani a mlembi wathu. Bango la thengo lija linayenera kuchoka. Tsopano padzalidwe latsopano, m'mizere, mwadongosolo, kuti ligwire miyala. Ndamva kuti amayi athu, pomvera mlembi, anasunga mbewu yake m'madzi."

Amalume anayang'ana aphunzitsi, kenako anatembenuka kufunafuna amayi pakati pa anthu. Amayi ankakonza duku lawo.

"Ndi momwemo," anatero amalume. "Gawo lachiwiri."

Sindinaonepo madengu akutuluka mofulumira chotero. Mitolo inavuuka m'maiwe onse, yochuluka kuposa mmene mlembi aliyense akanalamulira, ndipo palibe anafunsa. Ntchito ya ulendo uno inatsogoleredwa ndi amayi a m'dera, ngakhale kuti palibe anaitchula motero. Anasiya mtsinje kuti ukhote pamene unafuna. Miyala yogwa ija sanaiimikenso chilili. Anaiyala motsetsereka, nakwirira mizu m'mipata yake, muzu uliwonse kutalika kwa mkono kuchoka pa unzake, nakhoma zikhomo za mitengo pamene dothi linali lofewa. Ndinaona abambo amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni akufunsa amayi anga kuti, "Ama, uwu tiike pati?" Amayi ankaloza ndi khasu, osakweza mawu. Amalume anayenda ndi chingwe chawo kuonetsetsa kuti mizere yawongoka, ndipo amayiwo anawalola. Kunakumbidwanso chimbudzi cha apaulendo kufupi ndi doko, ndi dzenje la zinyalala za pamsika, kuti bango latsopano lisabwerere ku manyazi a lakale. Akatolika ndi ife tinagwira tsidya limodzi, ndipo chipongwe chinachepa.

Mvula inagwanso kawiri chaka chimenecho. Gombe linagwira. Pofika nyengo yozizira bango linandifika m'mapewa, madzi anali oyera, ndipo dziwe la amayi linali pamalo pake. Linatidyetsa zaka zonse mpaka ine ndinamaliza sekondale. Mwala wawo anaupeza pamchenga pafupi ndi nyanja, nausenza okha kubwerera nawo. "Nawonso unapita kukaona za azungu," anatero akuutsuka. "Koma uwu wabwerako."

Amalume anakamba za gawo lachiwiri mpaka ukalamba wawo, ndipo ndikuganiza kuti pomalizira anadzalikhulupirira. Amayi sanawatsutsepo. Ine ndikuwatsutsa lero, mwaulemu, pakuti onse awiri anagona, ndipo galimoto ija sibweranso pakhomo la munthu. Gombe la kamtsinje ka kuseri kwa msika linapulumutsidwa ndi amayi oviika chinangwa, ndipo woyamba mwa iwo anali mayi wanga.

Koma aphunzitsi aja sindinawakhululukire chaka chonsecho. Ndinkawapatsa moni wouma, ndipo pamsonkhano paja ndinakwiya nawo koposa, pakuti anatenga nzeru ya amayi m'tsamba langa naipereka kwa amalume pamaso pa tauni yonse. Ndinkangodziwa kuti munthu ameneyo anang'amba chimangirizo chabwino koposa chimene ndinalembapo, nachitcha choipa. Sindinkaganizira kuti makope athu ankapita ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu Lachisanu lililonse, kuti mphunzitsi wamkuluyo ankadyera mbale imodzi ndi wapampando, ndi kuti pamzere woyamba wa tsamba lija ndinali nditalemba, ndi zilembo zanga zokongola koposa, dzina lonse la amayi.