Keyala Yolakwika ya Fyness

Inu amene mukuona ngati dziko lakuthawani, tamvani za Fyness Shaba wa ku Euthini.

Tsiku limene anamva zoona zake, Fyness anakhala pansi pakati pa msika n'kulira ngati wafedwa. Fomu folo anakhoza bwino, ndipo kampani ina yocheka matabwa ku Viphya inkafuna kalaliki. Pa fomu yofunsira ntchito ankafuna keyala ya imelo. Iye foni analibe, imelo sankaidziwa, ndiye anangolembapo bokosi la sukulu ya pulayimale ya kwawo, kumene mudzi wonse umalandirira makalata.

Miyezi itatu ankapita kusukuluko Lachisanu lililonse kukafunsa kalata. Kalata yake iti? Kenaka mnzake wogwira ntchito kumatabwako anamuuza kuti dzina lake linali pamwamba penipeni, koma anasowa komuitanira. Ntchito anapatsa wina.

Nkhani yoseketsa sichedwa kufala. Akabaza akamuona ankakuwa kuti, "Wabokosi, kalata yafika?" Manyazi anamugwira mpaka anathawira ku Boma kwa azakhali ake. Kumeneko ankagulitsa mtedza wokazinga pakhonde la shopu ya mayi Loyce, yotayipa makalata ndi kuchita fotokope.

Mtedza unali m'manja, koma maso anali pa kompyuta.

"Iwe mwana, undiboolera windo ndi maso," anatero mayi Loyce tsiku lina. "Lowa, khala apa."

"Ndikuopa kuiononga, bamama."

"Ukaononga mbwenu tikonza. Gwira!"

Tsiku loyambalo ananyamula mausi m'mwamba n'kumaloza nayo kompyuta ngati rimoti ya wailesi ya kanema. Sabata yachiwiri anafufuta kalata yonse ya kasitomala, mwiniwake ali chiimire. Anatukwanidwa, analira, m'mawa mwake anabweranso. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Chaka chisanathe, zala zake zinkathamanga moti anthu ankasiya mzere wa mayi Loyce n'kumadikira iye.

Koma mtima sunakhale pansi. Ankaona yekha kuti malo a kukoleji ndi ntchito zomwe, zonse zikufunsidwa pa intaneti tsopano. Nanga ana a sekondale ya kwawo?

Kutatsala masabata awiri kuti sukuluyo itsanzikane ndi a fomu folo, anakwera pikapu n'kukagogoda mu ofesi ya ahedi, a Chipeta, kukapempha kuti aphunzitse anawo imelo.

"Ana akuwerengera mayeso," anatero ahedi. "Komanso si ndiwe uja wabokosi?"

"Ndine, sala. N'chifukwa chake ndabwera. Mayeso adzakhoza, koma adzawaitanira kuti?"

Ahedi anakanda mutu. "Chabwino. Ana alipo 53. Onse akanditumizira kalata pa imelo mwambo wotsanzikana usanathe, chipinda chosungira makasu chija ndi chako, uziphunzitsiramo temu iliyonse. Akaperewera mmodzi, tisaonanenso." Kenaka anatsitsa mawu. "Koma uyambe ndi ine. Pafoni pangapa imeloyo palibe."

Ntchito inayambika! Zida zake zinali mafoni asanu obwereka basi, ndipo netiweki inkapezeka pachulu cha kuseri kwa bwalo la mpira pokha. Akaweruka, ana ankandandalika pachulupo ngati mbuzi. Anawaphunzitsa kutsegula imelo, kujambula setifiketi n'kuitumiza, ndi kukayikira uthenga woti wapambana mpikisano umene sunalowe.

"Pasiwedi musauze munthu, ngakhale chibwenzi," ankatero, ana n'kufa ndi phwete. "Ndipo zimene ndikukuphunzitsanizi chaka chamawa zisintha. Chachikulu n'chakuti musamaope kugwira ndi kufunsa."

Kutatsala masiku atatu, netiweki inazimiririka. Ana analemba makalata awo, koma onse anangotsakamira m'mafoni, osapita.

Tsiku la mwambo makolo anadzaza bwalo la mpira. Fyness anaima pachulu yekhayekha, mafoni asanu ali m'manja, netiweki ziii. Ahedi anafika pa chimkuzamawu n'kuyamba kuthokoza alendo mmodzimmodzi. Fyness ankangopemphera kuti alendowo achuluke.

Mwadzidzidzi m'thumba la jekete ya ahedi munamveka kuti ting! Chimkuzamawu chinautola bwinobwino. Ting! Ting!

Netiweki yabwera, ulendo uno mpaka pabwalo pomwe! Ana anaimirira n'kuyamba kuwerenga mokuwa. Teni! Sate! Fifite! Ahedi anasiya zolankhula, foni ili m'mwamba, akuseka mpaka misozi.

Pa 52, foni inangoti chete.

Apo mtsikana wina wamanyazi, dzina lake Kezia, pokayikira kalata yake, anavula nsapato n'kuliyatsa liwiro la kuchulu, gawuni ikuuluka. Anatenga foni m'manja mwa Fyness, n'kuyang'anitsitsa.

"Ndaona! Ndinasiya chilembo chimodzi pa keyala ya ahedi!"

Fyness manja ankamuyabwa, koma sanamuthandize. Kezia anakonza yekha, n'kutumiza.

Ting!

Nthungululu zake zinamveka mpaka kumsika. Ahedi anayenda okha mpaka pachulu, n'kutulutsa kiyi wa chipinda chija.

"Yewo chomene, aphunzitsi," anatero pothokoza.

Fyness anagwada polandira kiyiyo.

Lero m'chipindamo muli makompyuta anayi, ndipo palibe mwana wa fomu folo amene amatuluka pasukulupo asanatumizepo yekha kalata.

Inu amene mukumaliza sukulu, dziko silidzakudikirani, komanso silinakutsekereni chitseko. Mudzafufuta zolemba za eni, mudzasekedwa, netiweki idzakuthawani pa tsiku lofunika. Funsani, gwirani, mukalakwitsa chilembo konzani n'kutumizanso. Osataya mtima!