Makutu a amalume

Kahamala ka amalume kanali ndi mlomo ngati wa mbalame: mbali ina yosongoka yoboolera, ina yokhomera misomali. Chogwirira chake chinali chitada ndi thukuta, ndipo chinkanunkha fodya. Ndikakakumbuka ndimakumbukanso nyengo imene ndinajomba kusukulu ndi chilolezo cha akuluakulu. Adzukulu anga kuno ku Syokimau amati Chingerezi changa chimatsimphina. Chinathyoka mwendo nthawi imeneyo.

Tinkakhala ku Kawangware, ine, amayi ndi amalume, amene anachoka ku Dedza kalekale n'kudzaphunzira ntchito ya madenga ku Nairobi kuno. Chaka chimenecho anapeza ntchito yofolera nyumba yakale yamiyala ndi masileti. Inde, mwala womwe uja tinkalembapo kusukulu, koma wokulirapo. Denga lake linali lotsetsereka moti ngakhale nkhunda inkayamba yaganiza kaye isanatere.

Sileti sumangoikhoma. Amalume ankayamba asanja milu: masileti ochindikala opita m'munsi kumene madzi amachuluka, opyapyala opita kumtunda. Ankawadula m'mbali kuti afanane, n'kuboola timabowo ta misomali, ndipo mzere uliwonse unkaphimba misomali ya mzere wapansi pake. Koma isanakwere, sileti iliyonse inkagogodedwa. Yabwino imalira ngati belu. Yokhala ndi mng'alu wosaoneka imangoti phu, ngati dzungu lowola, ndipo mvula ikabwera imakuyalutsa pamaso pa mwini nyumba.

Apa m'pamene ndinalowerapo ine. Amalume ankagogoda, ine n'kutchera khutu. Ndikavomera ndi mutu, sileti ikwere. Ndikakwinya nkhope, kudzala. Ankati akundiphunzitsa ntchito, koma kapitawo akatulukira ndizichita ngati ndikungosewera ndi miyala. Ndinkadzimva bwana, zala zili bii, fumbi likukukutika m'kamwa. Nthawi zina ndinkawanena chapansipansi kumbuyo kwawo, ati mdala wadazi, iwo osacheuka n'komwe. Ndinkati ndi munthu wopirira. Zoti makutu awo anali kufa, ndiponso kuti mmisiri wosamva kulira kwa sileti kapitawo sangamusunge, mutu wangawu sunazifike.

Kenako aphunzitsi anabwera kwathu, nsapato zili matope okhaokha, kudzafunsa ngati ndinamwalira osawauza. Amayi anagwa nkhope. Aphunzitsiwo atangochoka, amayi anauza amalume kuti mwana abwerere kusukulu mawa lomwe. Amalume anapempha kuti adikire mbali yotsala ya dengalo ithe, popeza mitambo inali itayamba kale kusonkhana. Anakokanakokana mpaka amayi anati afunsidwe mwini wake.

Amalume anandiyang'ana pakamwa, monga ankachitira ndi aliyense masiku amenewo.

"Mphwanga, sungatsaleko nane pang'ono?"

Ndikanakonda kukunamizani kuti ndinasankha maphunziro. Ayi ndithu. Kusukulu kunali kutabwera mpira watsopano wachikopa, ndipo ndinali nditamva kuti pagolo panga aikapo mnyamata wina wamanja obooka. Ndinati ndipita kusukulu. Ndinayankha motsitsa, ndiye amayi anachita kubwereza mokweza.

"Wachita bwino," anatero amalume, n'kutuluka kukasuta.

Sukulu yomwe ndinawasiyirayo sindinapite nayo patali, ndipo pagolo paja sindinabwererepo. Dengalo analimaliza mmisiri wina. Amalume anakathera pa ulonda ku Pangani, osakweranso makwerero mpaka imfa yawo, ndipo nkhaniyi sanaitchulepo. Akanandikalipira mwina bwenzi nditaiwala.

Loweruka lina, amalume asanachotsedwe ntchito, amayi anandituma kukawapatsira tiyi. Ndinawapeza kuseri kwa mulu, atabisala kuti kapitawo asawaone. Anali ataluma ngodya ya sileti, atatsinzina, akuigogoda ndi msomali. Ankayesa ngati kulira kwake kungadzere m'mano kukafika m'mutu. Ine ndinaseka mpaka tiyi kutayikira m'miyendo, n'kuthamanga ulendo wonse kukauza amayi kuti njala yawavuta amalume, ayamba kudya denga la eni ake.

Amayi sanaseke. Ndinaganiza kuti sanaimvetse nthabwalayo, ndiye ndinaibwereza.