Zilembo Ziwiri Zinandimanitsa Kuona Amayi

Inu owerenga, ndine mayi wopemphera, koma ndivomere kuti pali munthu amene ndimamusungira chakukhosi. Chinandigwetsa ine ndi manyazi.

Tinkakhala ku Croydon, ku Mangalande, chithawireni kumudzi ndi bambo a ana. Zinthu zitasintha ku Malawi, abusa analengeza kuti bungwe lina likufuna munthu mmodzi wodziwa Chichewa wokathandiza mongodzipereka pachipatala china ku Dowa. Amayi anga ankadwalira kufupi ndi komweko, ndipo panali patatha zaka zambiri ndisanawaone. Ndinagwada n'kuthokoza Mulungu.

Fomu itabwera, mutu unaima. Ine ndinalekeza Sitandade 6. Chingerezi cha m'basi ndimachimva, koma apa panali CV, NGO, DOB, zilembo zokhazokha ngati nambala za galimoto. Mwana wanga Tiyamike akanandimasulira, koma ndinati kholo silifunsa nzeru kwa mwana. Ndinapita kwa Anachisale, mnzanga wa digiri wa m'gulu la amayi kutchalitchi.

Anandilandira ndi tiyi. Anandifunsa zonse, za okalamba amene ndinkawasamalira ku Romford, za mudzi wathu, akulemba pambali. Koma pafomu yanga ankangoika N/A, N/A. Nditafunsa anati, "Musavutike mayi, ndi mmene azungu amafunira." Anandisainitsanso pepala lina. Ndinachoka ndikuwadalitsa.

Makalata anabwera awiri. Ina inabweza fomu yanga, sananditenge. Lamulungu lotsatira abusa anaimika Anachisale kutsogolo kuti tiwapempherere ulendo wa ku Dowa. Apo m'pamene ndinamupatsa Tiyamike makalata aja.

"Mami, N/A ndiye kuti palibe. Mwawauza kuti simunagwirepo ntchito," anatero. "M'kalata inayi akukuthokozani pochitira umboni anti Anachisale."

Amayi anga anamwalira chaka chomwecho. Anachisale ndi amene anakhalapo pamaliro, n'kunditumizira chithunzi cha manda.

Sindinalalate. Ndinagula kope, Tiyamike n'kundiphunzitsa chilembo chilichonse mpaka ndinaloweza. Kenako ndinalembera bungwe lija ndi dzanja langa, kuti umboni uja ndinasaina ndisakudziwa. Bungwelo linawabweza Anachisale kuchokera ku Dowa chaka chisanathe. Tsiku limene amayi a kutchalitchi anawakonzera phwando lowalandira, anandipempha kutsegula ndi pemphero. Ndinaimirira, ndinatulutsa fomu ija, n'kuwerenga N/A aliyense mmodzimmodzi, ndikumasulira. Palibe anakhudza chakudya. Upampando wa gulu la amayi anawachotsa. Ndisakunamizeni, ndinagona tulo tabwino.

Koma amayi sindinawaone, ndipo zimenezo palibe angandibwezere.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene sukulu sitinapite nayo patali, musasaine chimene simunachimve. Funsani, ngakhale kwa mwana wanu, ngakhale akusekeni. Ndipo mundipempherere. Anachisale akandipatsa moni ndimayankha ndithu, koma m'Pemphero la Ambuye, tikafika pokhululukira amene atilakwira, mawu anga amatsika.