Neti ya Mthunzi Yomwe Ndinabwera Nayo ku Joni

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku lomwe adona ena anaimika galimoto pa nazale yathu, n'kuyang'ana maluwa anga osatsika n'komwe. "Akuoneka otopa," anatero, n'kukweza galasi, ulendo. Sananame. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, maluwa onse atazyolika ngakhale tinawathirira m'mamawa. Madzulo ake ndinauza mkazi wanga, make Tadala, kuti chotisowa ndi neti ya mthunzi basi. Ndikagwire ntchito zaka ziwiri, ndibwere nayo, nazale yathu ioneke ngati ya anthu.

"Nanga maluwawa atsala ndi ndani?" anafunsa.

"Ndi inu. Dzanja lanu ndi labwino kuposa langa."

Anangoti, "Chabwino, bambo a Tadala," n'kupitiriza kutsuka mbale.

Nazaleyo inali m'mbali mwa msewu wa ku City Centre, pafupi ndi mtsinje wa Lingadzi kumene tinkatunga madzi. Mbewu sitinkagula ayi. Magadeniboyi a ku Area 10 ndi Area 43 akadulira mipanda ya maluwa ya mabwana awo, m'malo motentha nthambizo ankatibweretsera pa njinga, ife n'kuwapatsa ya sopo. Tinkazidula timitengo n'kuzika m'machubu kapena m'mapepala a shuga, m'dothi lakudambo losakaniza ndi manyowa a nkhuku. Bwana wina akamanga nyumba, ankatuma gadeniboyi wake kudzagula kwa ife. Motero duwa linkachoka kuseri kwa mpanda wina, kudutsa m'manja mwathu, n'kukalowa kuseri kwa mpanda wina, aliyense atadyapo pang'ono. Amene ankatibweretsera nthambi zabwino kuposa onse anali a Kamwendo, bambo achikulire a kwa Chitukula, omwe anagwira ntchito ya m'maluwa ku Area 43 kuyambira kukali tchire.

Ku Joni ndinapeza ntchito pa nazale yaikulu kunja kwa mzinda. Tsiku loyamba ndinachita manyazi kuti kwathu ndinkadzitcha wa maluwa. Nyumba za pulasitiki zinali zazitali kuposa mashedi a fodya a ku Kanengo. Dothi kunalibe. Maluwa ankamera m'makoko a kokonati ogaya, osakaniza ndi timiyala toyera topepuka, madzi ndi feteleza zikudontha zokha m'timapaipi. Ntchito yanga inali kuima pambali pa lamba woyenda, kutenga mbande, kuiika mu poto wakuda wapulasitiki, kukanikiza ndi chala, kutenga ina. Kuyambira m'mawa mpaka msana utauma.

Maluwawo anali okongola, masamba ake onyezimira ngati apakidwa mafuta. Tsiku lina ndinafunsa kapitawo wathu, munthu wa ku Zimbabwe, kuti duwa loleredwa chonchi likatuluka panja lingapirire bwanji. Anaseka. "Ndani wakuuza kuti lipirire? Likafa abwere adzagule lina." Mathiraki ankabwera kudzanyamula sabata iliyonse. Sindinafunsepo kuti akupita nawo kuti.

Za moyo wa kumeneko sindibisa, unali wowawa. Ndinkagona m'kachipinda ka malata ndi anyamata awiri a ku Mzimba, mapepala anga atatha kalekale, ndikaona galimoto ya polisi mtima phaa. Lamulungu ndiye linkandipweteka kwambiri, chifukwa manja akakhala opanda chochita mutu umabwerera kwathu. Ndinkaimba foni. "Maluwa ali bwanji?" "Alipo." "Akugulidwa?" "Pang'onopang'ono." Kenaka nkhani inkalowa ku fizi ya Tadala ndi lendi. Ndalama ya neti ndikaisonkhanitsa, kunkagwa vuto. Bambo anga atamwalira ndinatumiza ya bokosi, maliro n'kuwaonera pa foni nditakhala pa thumba la feteleza. Zaka ziwiri zija zinasanduka zisanu.

Komabe neti ndinagula. Yobiriwira, yokhuthala, mpukutu waukulu woti anthu awiri anyamulizane. Njira yonse basi ikaima ndinkatsika kukaona ngati ikadali m'ngolo. Make Tadala anadzandichingamira ku depoti ku Old Town. Anali ataonda. Anayang'ana mpukutuwo nthawi yaitali, n'kundifunsa za ulendo.

M'mawa mwake ndinati tipite ku nazale ndikayeze malo. Anavala nsalu yake n'kunditsogolera. Titatsika minibasi ndinayamba kumva nyimbo. Pamalo pathu paja panali anyamata akutsuka magalimoto, thovu la sopo likuyenderera kulowera kumtsinje. Palibe ngakhale chubu chimodzi chomwe chinatsala.

"Ndinawasiyira malowa chaka chathachi," anatero make Tadala. "Panopa ndimagulitsa kaunjika ku msika wa Tsoka."

Ndinalankhula mawu oipa pamsewu pomwepo, anthu akuona. Anandisiya mpaka nditamaliza.

"Ndikanakuuzani mukanatani, bambo a Tadala? Mukanabwera wapansi? Miyezi inkatha ndikuthirira zinthu zopanda wogula. Ngati mukuti ndine waulesi, pitani mukawaone a Kamwendo."

Ndinapitadi, wapansi. Ku Area 43 nyumba zinali zitachuluka, mipanda ya njerwa italiitali, koma pamwamba pake sipankasuzumiranso nthambi ngati kale. A Kamwendo ndinawapeza pa geti la nyumba yomwe ankagwirako ntchito ija, atavala yunifolomu ya ulonda yowakulira.

"Achimwene, mwabwera? Lowani, adona kulibe, muone munda wanga."

Munda panalibe. Pabwalo ponse anayala njerwa za simenti mpaka kukhoma. Mpanda wa maluwa womwe unkatidyetsa uja anadula, kapinga anafukula.

"Akuti madzi akwera mtengo, komanso masamba amadetsa pabwalo," anatero a Kamwendo. "Nyumba zonsezi ndi chimodzimodzi. Anzanga ena anabwerera kumudzi. Ine anandimvera chisoni, ndimatsegula geti. Nthambi zoti ndiwabweretsere akazi anu ndikanazidula kuti?"

Pakhonde panali mzere wa maluwa a m'mapoto, masamba onyezimira. Ndinafunsa kumene amawagula.

"M'sitolo ku City Centre. Amabwera pa thiraki kuchokera konko kwanuko. Akafota amandiuza kuti ndikataye, iwo n'kukagula ena."

Ndinayandikira n'kupisa chala mu poto mmodzi. Munalibe dothi. Munali makoko a kokonati ndi timiyala toyera. Sindingalumbire kuti mbande imeneyo ndinaiika ndine, manazale otere ku Joni ndi ambiri. Koma poto anali yemweyo, kafungo kake komweko. Ndinakhala pansi pa sitepe. Zaka zonse zija ndinkadzaza mapoto omwe ankabwera kuno kudzatseka nazale ya mkazi wanga, kwinaku ndikumufunsa pa foni ngati maluwa akugulidwa.

Nditafika kunyumba ndinapepesa. Make Tadala anangoti zatha, koma mpaka lero sitikambirana za maluwa. Ndinayesa kufunafuna malo ena m'mbali mwa mtsinje, koma amene akadali pa ntchitoyi ndi ochepa, ndipo nawonso amangodandaula. Neti inakhala kunsi kwa bedi mpaka makoswe anayamba kuiboola m'mphepete.

Tsiku lina kunabwera mmodzi wa anyamata otsuka magalimoto aja. "Madala, tamva kuti muli ndi neti. Makasitomala akudandaula dzuwa." Ndinafuna kumuthamangitsa, koma Tadala anali atabwezedwa kusukulu sabata imeneyo. Ndinagulitsa. Ndinapita nawo kukaimanga ndekha, chifukwa iwo akanaikoka molakwika n'kuing'amba. Mitengo ndinaizika pomwe ndinkaganiza kuti ndidzaizika ndili ku Joni.

Masiku ano ndimathandiza make Tadala kunyamula mabelo ku Tsoka. Ndikakwera minibasi ya ku City Centre ndimayesetsa kuyang'ana kumbali ina, koma maso samvera. Neti ija ilipo, yobiriwira, yokungika bwino, ndipo mthunzi wake ndi wabwino monga ndinkanenera. Magalimoto omwe amaima pansi pake saoneka otopa.